Tenti ya Zipinda Ziwiri

Tentiyo ndinabwereka kwa mnzanga wa kuntchito, mzungu wa ku Springburn amene ndimayendetsa naye mabasi. Anandipatsa ili m'chithumba chachitali ngati cha makala, n'kundiuza kuti ndi ya banja lonse, ili ndi zipinda ziwiri komanso kakhonde kophikirapo. Mawu akuti zipinda ziwiriwo ndi amene anandilowa m'mutu. Ndinaisenza paphewa kukwera nayo masitepe onse a nyumba yathu ya ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow kuno ku Skotilandi, mpaka pamwamba pamene timakhala, ndili wefuwefu, koma ndikudzimva kuti ndine bambo wapanyumba.

Chaka chimenecho apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anali atabwera kudzationa. Anabwera kwa miyezi itatu, nyengo yotentha ya kuno, ngati n'koyenera kuitchula kuti yotentha. Kanali koyamba kukwera ndege. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene kwawo ku Balaka amadziwika ndi kuluka mikeka ya mlaza. Mkazi wanga anaphunzira sukulu chifukwa cha mikeka imeneyo. Pobwera anatitengera umodzi ataupinda bwinobwino pansi pa sutikesi, ndipo mpaka lero uli pabalaza pathu.

Mwambo wa chipongozi ndimaudziwa, sindinganame kuti sindinkaudziwa. Nthawi imene ndinkafunsira mwana wawo, ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira m'tchire, iwonso n'kupatukira mbali ina, moni n'kumapatsana titafulatirana. Mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi ake, sawayang'ana m'maso, ndipo za kogona ndiye sitinena n'komwe. Zonsezi ndinazitsata bwino nthawi imeneyo, poti ndinkafuna mkazi.

Atafika ku Glasgow, iwo anapitiriza pamene tinalekezera. Ankagona kuchipinda kwa mdzukulu wawo, ankadyera kukhitchini, ndipo kubafa ankalowako ine nditapita kuntchito. M'mawa ankakhala pansi pakhomo la khitchini n'kundipatsa moni nkhope atalozetsa ku firiji. Firiji yathu inalandira moni wambiri chaka chimenecho. Poyamba zinkandiseketsa, kenako zinayamba kunditopetsa. Ndakhala kuno zaka zambiri, ndimanyamula anthu amitundu yonse m'basi, ndiye m'nyumba mwangamwanga ndiziyenda monyang'ama kuopa kukumana ndi munthu pakhonde? Mumtima ndinkati mayiwa akufunika kuwatsegula maso pang'ono.

Za ulendo anayambitsa ndi mwana wathu wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, wobadwira konkuno. Anzake a kusukulu amapita ndi makolo awo kumapiri a kumpoto kukagona m'matenti, ndipo iye anali atandilira kwa zaka ziwiri. Ine ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndiwatengere apongozi kuzigwembe zakuya zimene mnzanga uja ankandisimbira, akaone mathithi, akaone anthu a kumeneko mmene amalukira ndi kusema, kuti akabwerera ku Balaka akanene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Ndinene mosabisa, ndinkafunanso zithunzi zotumiza kwa abale pafoni.

Tsiku lina ndinaitambasula tentiyo pabalaza kuti ndiiphunzire. Mkazi wanga anandipeza ndili mkati, iye akuchokera kuntchito kwake kosamalira okalamba. Anaima osavula n'jekete lomwe, n'kuiyang'ana kwa kanthawi.

"Nanga amayi agona pati?"

"Umu, ndi mdzukulu wawo. Ife uku."

Anawerama n'kugwira ndi zala ziwiri nsalu yogawa zipindazo.

"Iyi ndi nsalu, bambo. Chitenje changa n'chokhuthala kuposa imeneyi."

"Ili ndi zipi."

"Zipi si khoma. Tibwereke ina yaing'ono, amayi ndi mwana azikagona kwaokha."

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kundipezera cholakwika pa chinthu chimene ndikunyadira. Ndinatuluka m'tentimo chokwawa n'kuyamba kulalata. Ndinati galimoto yadzaza kale, ndinati sindingapitenso kwa mzungu uja kukapemphanso ngati wopemphetsa, ndipo ndinamaliza ndi mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna kubisa nkhope.

"Kodi mwambowo unakwera nawo ndege? Kuno n'ku Skotilandi."

Mkazi wanga anandiyang'ana, n'kuvula jekete lake pang'onopang'ono. "Chabwino, mwanena ndinu," anatero. Aliyense amene anakhalapo pabanja akudziwa kuti chabwino wotereyu si wabwino ayi, koma ine ndinamutenga ngati chigonjetso.

Apongozi atauzidwa za ulendowo anasuzumira pabalaza ine ndili pomwepo, n'kulankhula ndi mdzukulu wawo, osati ndi ine. Anati kwathu tenti ikaima pakhomo anthu amathamanga kudzafunsa kuti watisiya ndani. Mwanayo anaseka, inenso ndinaseka. Kenako anawonjeza motsitsa mawu kuti ngati bambo akonza, tipita.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Katundu ndinalongedza ndekha, poti galimoto yanga sindilola munthu wina kuigwiragwira. Pakhomo pathu aliyense amadziwa zimenezi. Munthu akangosuntha mpando kapena galasi ndi chala chimodzi, ndimadziwa ndikangolowa, ndipo ndimafunsa mokweza kuti wachita ndani. Apongozi nawonso anali atandimvapo ndikukalipira mwana pa nkhani yomweyi. Zimene zinakanika kulowa kumbuyo ndinazisanja pakati pa mpando wa kumbuyo, agogo ndi mdzukulu wawo n'kukhala uku ndi uku.

Titatuluka mumzinda nyumba zinayamba kuchepa, mapiri n'kuyamba kukula. Ine pakamwa sipanatseke njira yonse. Ndinkafotokoza chilichonse ngati ndinabadwira komweko, chikhalirecho kumeneko inenso kanali koyamba. Apongozi ankangoti, "Eya, bambo," maso ali pawindo. Chimene anafunsa chinali chimodzi, kudzera mwa mwana wawo: nkhosa zonsezi zikungoyenda popanda m'busa, eni ake saopa akuba?

Malo ogonawo anali dambo laudzu waufupi m'mbali mwa mtsinje, matenti ena ali patalipatali. Galimoto tinaimika pafupi ndi tenti yathu. Zakudya ndi ziwiya zimene sizinakwane pakakhonde paja ndinazibwezera pa mpando wa kumbuyo, ndikuzisanja mwadongosolo langa, n'kulamula kuti pasapezeke wozisokoneza. Mkazi wanga anapempha makiyi, akuti azitengamo zofunika popanda kundivutitsa. Ndinamupatsa. Dzuwa litapendeka kunabwera tizilombo tina timene a kuno amati mamiji, tochepa kuposa udzudzu koma tobwera ngati utsi. Timalowa m'tsitsi, m'makutu, paliponse. Tinadya buledi ndi masoseji tikudziomba mbama tokha.

Nthawi yogona itakwana kunja kunali kukadali koyera, poti nyengo imeneyo kumpotoko mdima umachedwa. Apongozi anakhala pakampando kunja atadzikuta chitenje kumutu.

"Kagoneni," anauza mwana wawo. "Ine tulo sitingabwere kukuwala chonchi. Ndiyambe ndapemphera."

Ine ndinalowa, n'kutseka zipi yanga ija monyadira. Ndikagona ndimagona zenizeni, ndipo mkonono wanga anansi athu a m'munsi amaudziwa. Sindinamve kalikonse mpaka m'mawa.

Nditatuluka ndinapeza apongozi adzuka kalekale. Anali atathyola tizitsamba n'kumanga katsache, atasesa kuzungulira tenti yonse, ngakhale panalibe chosesa. Madzi a tiyi anali atawira pa kasitovu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu bambo?" anayankha akuyang'ana kumtsinje.

"Mwagona bwino m'nyumba yathu yatsopanoyi?"

"Bwino kwambiri."

Ndinacheukira mkazi wanga ndi nkhope yakuti mwamva nokha. Iye anali kalikiliki kupaka majarini pa buledi, sanadzutse mutu.

Tsiku limenelo tinapita kuchigwembe choyamba. Ndi malo ochititsa mantha ndithu. Mtsinje unang'amba phiri pakati, makoma a miyala ali chiriri uku ndi uku, akuda, onyowa, omera ndere, ndipo madzi amamveka pansi penipeni asanaoneke. Njira yotsikira ndi ya masitepe amiyala, oterera, ambirimbiri. Ine ndinali patsogolo ndi foni m'manja. Apongozi ankatsalira. Ankatsika sitepe imodzi, kuima, kugwira chitsulo cha m'mbali, n'kutsikanso ina. Nkhope yawo inali ndi timatuza ta mamiji, maso ali ofiira. Nditafunsa, mkazi wanga anati nsapato zikuwathina. Nsapatozo ndinawagulira ndine, zoyendera m'mapiri, ndiye nkhaniyo inandikhudza. Ndinayamba kufotokoza kuti nsapato yatsopano imafuna kuizolowera, akanayamba kuivala tili ku Dennistoun sizikanatero.

Pansi pali kamlatho kopapatiza, pamene mathithi amaonekera bwino. Ndinawaimika onse atatu pamenepo, ndikuwauza kuti amwetulire. Chithunzicho ndikadali nacho. Mkazi wanga akuyang'ana kumbali, mwana wakwinya nkhope, ndipo apongozi agwira chitsulo ndi manja onse awiri, akumwetulira monga ndinawauzira. Ndinachitumiza kwa abale titangopeza netiweki, ndipo anandiyamikira kwambiri.

Pokwera pobwerera anapumula kanayi. Pabenchi ya pamwamba anangokhala pansi n'kuyamba kusinza pomwepo, mutu uli pachifuwa. Ine ndinati mpweya wa kumapiri ndi mankhwala, taonani ukuwagoneka agogo masanasana. Palibe anaseka. Mwana wanga anandiyang'ana ndi diso loipa n'kupita kukakhala pafupi ndi agogo ake. Tsiku lonselo sanandilankhule, koma ine ndinati ndi ukali wa atsikana a msinkhu umenewu akasowa netiweki.

Madzulo ake zinayenda chimodzimodzi, kupatula kuti kunagwa mvula yowaza. Apongozi anati akhala kaye pakakhonde amvere mvula. M'mawa mwake ndinaona kuti magalasi a galimoto achita nthunzi mkati, mbali ya kutsogolo. Ndinapukuta ndi kansalu ndikudandaula kuti galimotoyi yakalamba, yayamba kulowa chinyezi. Ndinayang'ana mipando, ndinayang'ana katundu wa kumbuyo, zonse zinali monga ndinazisiyira. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Lamlungu linali tsiku la zaluso. Pafupi ndi chigwembe chachiwiri pali kamudzi ka nyumba zowerengeka, ndipo m'nyumba ina yakale yamiyala anthu a m'deralo amagwiriramo ntchito zamanja alendo akuonerera. Munali bambo wina wosema zipande ndi ndodo zoyendera, mayi wina wopota ubweya wa nkhosa, ndipo kumapeto kwenikweni kunali mayi woluka madengu ndi nthambi za msondodzi. Anali wamtali, wa imvi mutu wonse, manja ake okhakhala ngati a mlimi. Pambali pake panali beseni lalitali mmene ananyikamo nthambizo, pamodzi ndi mitolo ya udzu wa m'dambo.

Apongozi, amene masiku awiri onsewo ankangoyenda ngati owakoka, atafika pamenepo anaima. Sanayang'ane madengu omalizidwa amene anapachikidwa kukhoma. Anayang'ana manja a mayiyo. Anayandikira, n'kutola nthambi imodzi m'besenimo, kuipinda, kuinunkhiza. Mayi uja anawayang'ana n'kumwetulira, ndipo popanda mawu anawapatsa tsinde la dengu limene anali atangoliyamba. Anawakokeranso mpando, koma iwo anaukana. Anayala chitenje pansi, kukhala, kutambalala miyendo monga amachitira kwawo akamaluka, n'kuuza mdzukulu wawo kuti awavule nsapato zija.

Msondodzi ndi wolimba kuposa mlaza, ndiye poyamba unkawapulumuka. Mayi uja anagwada n'kuwaonetsa pokanikiza ndi chala chachikulu. Posakhalitsa anaugwira. Kenako iwo analoza udzu wa m'dambo uja, kutengako, kuuphwatalitsa ndi chikhadabo, n'kuyamba kuluka kaluko ka mkeka, kodumpha ziwiri kulowa pansi pa ziwiri. Zala zawo zinkathamanga moti maso sankatha kuzitsatira. Mayi wa madengu uja anakhala pansi nayenso n'kuyamba kuwatsanzira, akulakwitsa, onse awiri n'kumaseka. Wina sankamva chilankhulo cha mnzake, koma ankamvana bwino kuposa mmene ine ndinamvanirana ndi apongozi anga miyezi iwiri m'nyumba imodzi.

Alendo ena anayamba kuunjikana. Ine pamenepo ndinafufuma. Ndinkajambula uku ndikuuza aliyense m'Chingerezi kuti awa ndi apongozi anga, ndawabweretsa ndine kuchokera ku Malawi, ndikuwayendetsa kuti aone dziko.

Ndiye mayi uja anasiya kuluka. Maso ake anali pa mapazi a apongozi. Inenso ndinayang'ana, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana. Anali otupa mpaka m'akakolo, khungu lili nyezinyezi, mizere ya masokosi italowa mkati. Mayiyo anapempha ndi maso, n'kukanikiza chala pamwamba pa phazi. Atachotsa, panatsala kadzenje.

Anafunsa ngati amadwala mtima kapena impso. Ine ndinayankha msangamsanga kuti ayi, ndi nsapato zatsopano. Iye anapukusa mutu. Anati anadwazikapo mayi ake kwa zaka zambiri, ndipo mapazi otere amawadziwa, ndi a munthu amene sakugona chogona. Anafunsa kuti kodi mayiwa akugona pati.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za zipinda ziwiri, koma mwana wanga anandipitirira. Analankhula m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, mokweza.

"Akugona m'galimoto. Masiku awiri, chokhala. Sangagone tenti imodzi ndi adadi, mwambo wawo sulola. Ndipo adadi mwambowo amaudziwa."

Wopota ubweya uja anaimitsa gudumu lake. Foni inali ikadali m'mwamba m'dzanja langa, ndipo sindinadziwe koiika. Ndachitapo manyazi pa moyo wanga, koma a tsiku limenelo anali ena. Anandiyamba kumapazi, kukwera mpaka m'makutu, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mawu omalizawo, chifukwa anali oona. Mzungu akanachita zimenezi tikanati sadziwa. Ine ndinkadziwa.

Mayi wa madenguyo sanandiyang'ane n'komwe. Anauza mwanayo kuti kuseri kwa nyumba yake kuli chipinda cha alendo, bedi ndi loyala kale, agogo akagone kumeneko usiku umenewo, sadzalipira kanthu.

Apongozi anali akulukabe. Anaona kuti anthu asiya kulankhula, ndiye anafunsa mwana wawo kuti mdzukuluyu wanena chiyani. Mkazi wanga anawauza zonse, motsitsa mawu. Zala zawo zinaima pang'ono, kenako zinapitiriza.

"Iwe," anatero kwa mdzukulu wawo, osakweza mawu. "Za m'nyumba sitiyanika pabwalo. Bambo ako ndi amenewa."

Mwanayo anayamba kulira. Iwo anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Uwauze mayiwa kuti zikomo kwambiri, Mulungu awadalitse. Uwauze kuti m'galimotomo ndinasankha ndekha, palibe anandithamangitsa. Apongozi angawa amandisunga bwino. Andigulira nsapato, andionetsa dziko. Sindingakagone kwa eni ngati munthu wopanda abale."

Mkazi wanga anamasulira mawu onsewo, limodzi ndi limodzi, osasiyako. Ndinaimirira pamenepo ndikumva akunditchinjiriza m'zilankhulo ziwiri. Akanandilalatira, akananditukwana pamaso pa azungu onsewo, bwenzi zili bwino. Ndinatuluka panja osatsanzika.

Mkazi wanga ananditsatira. Ndikanakonda kulemba kuti ndinagwa pansi n'kupepesa, koma chimene chinayamba kutuluka m'kamwa mwanga ndi ukali.

"Bwanji simunandiuze? Mwandisiya ndikuvina pagulu ngati chitsiru!"

"Ndinakuuzani pabalaza paja, bambo. Munandifunsa za ndege."



"Usiku woyamba womwe ndinafuna kukudzutsani," anapitiriza. "Amayi anandigwira mkono. Anati bambo akonza ulendowu ndi mtima wawo wonse, tisawachititse manyazi. Ndinati ndikhale nawo m'galimotomo, anandibweza, akuti malo anga ndi kwa mwamuna wanga. Mwanayu naye anamubweza. Amayi ankadikira mkonono wanu uyambe, ndiye n'kukalowa. Kusanache n'kutuluka."

Ndinakumbukira katsache kaja, ndi madzi a tiyi owira kale, ndi nthunzi ya pagalasi imene ndinapukuta ndi dzanja langa ndikunyoza galimoto. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo yanga inali italowa ndithu.

Tikanakhala kwathu, nkhani yotere siyenda pakamwa pa mkamwini. Ndikanatuma ankhoswe, atanyamula nkhuku, akandipepesere. Kumapiri kumeneko kunalibe ankhoswe, ndipo nkhuku yapafupi inali ya m'firiji ya m'sitolo. Titabwerera kumatenti ndinadikira apongozi akhale pakampando kawo, mapazi atawasanjikira pa chidebe. Ndinapita chapatali pang'ono, kunjuta, nkhope nditalozetsa kumtsinje monga ndinkachitira ku Balaka ndili mnyamata, n'kuomba m'manja. Anthu a tenti yoyandikana nafe ankandiyang'ana, koma zimenezo zinali zitasiya kundikhudza. Ndinalankhula kudzera mwa mkazi wanga. Ndinati ndalakwa, ndachita zachibwana, ndinauzidwa koma sindinamve.

Iwo anaomba m'manja kubweza. "Palibe mlandu, bambo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sindinafune kuti masiku ochepawa ndikusiyireni chilema m'nyumba."

Ndinati tipasule tenti, tibwerere ku Glasgow madzulo omwewo akagone pabedi. Anakana. Anati mdzukulu wawo wakhala akudikira ulendowu zaka ziwiri, ndipo chigwembe chachiwiri sitinachione. Ndiye tinagwirizana chimene chinayenera kuchitika kuyambira tsiku loyamba. Ndinatulutsa chikwama changa, nsapato zanga ndi chogonera changa m'tentimo, mkazi wanga n'kukung'untha chipindacho. Atatsimikiza kuti mulibenso kanthu kanga, apongozi analowa chokwawa, dzuwa likadali pamwamba pa phiri. Sipanapite nthawi, mwana anatuluka n'kunong'oneza amayi ake kuti agogo agona kale. Ine sanandiyang'ane.

Ndinatenga makiyi n'kukalowa m'galimoto, mpando wa kutsogolo wa wokwera, umene iwo ankakhalapo. Pamwamba pa windo panali kampata kakang'ono. Mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti ankasiya choncho poopa kubanika, ndipo mamiji ankalowera pomwepo. Ndinatseka. Kenako dzanja langa linapita lokha m'mbali mwa mpando, monga ndimachitira ndikamapumula pakati pa mashifiti, n'kukoka kachitsulo. Mpando unagwera kumbuyo, n'kukhala ngati bedi.

Ndili chigonere choncho mkazi wanga anabwera ndi bulangete. Ndinatsegula chitseko.

"Kodi kachitsulo aka simunawaonetse?"

"Ndinawaonetsa," anatero. "Ndinawauzanso kuti tichotse katundu kumbuyoku agone bwinobwino. Anakana zonse. Anati mpando ukasuntha bambo adziwa."

Anandifunditsa bulangetelo n'kubwerera kutenti.

Ndinakoka kachitsulo kaja n'kuudzutsa mpandowo, kuubwezera pamene unali. Ndinati nanenso ndikhala chokhala mpaka kuche, ndilawe zimene analawa. Ndinapirira ndithu. Msana unayamba kuwawa, khosi linauma, miyendo inachita dzanzi, ndinasowa poika mawondo. Ndinatembenukira uku, kutembenukira uko. Sindikudziwa kuti inali nthawi yanji, koma mdima usanathe n'komwe ndinagonja. Ndinakoka kachitsulo, mpando n'kugwa, ine n'kugona mpaka m'mawa. Mayi wachikulire anapirira masiku awiri chifukwa cha ulemu wanga, ine usiku umodzi unandikanika.

Nditadzidzimuka kunali kutayera. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kuudzutsa mpandowo msangamsanga, kuti wina asaone. Nditatuluka ndinapeza apongozi ali pakakhonde, akumalizitsa kaluko kaja ka udzu wa m'dambo kamene mayi wa madengu anawapatsa kuti atenge. Nkhope yawo inali itatsitsimuka, ndipo anali atavala nsapato zija popanda wowathandiza. Ndinanjuta chapatali.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka bwino, bambo. Lero ndiye ndagona ngati mwana." Anakoka udzu umodzi n'kuuluma kunsonga, maso ali kumtsinje. "Mpando ujatu akuti umagonekeka. Ndikhulupirira munaugoneka."

Bodza linafika pamlomo, koma ndinalimeza.

"Ndinaugoneka, amayi."

"Mwachita bwino," anatero. "Ndimada nkhawa ndi msana wanu. Paja lero muyendetsa mtunda wautali."

Anaitana mdzukulu wawo kuti andipatsire tiyi. Mwanayo anabweretsa kapu, kuiika pa udzu patsogolo panga, n'kubwerera kukakhala pafupi ndi agogo ake. Ndinamwa tiyiyo ndili chinjutire pomwepo, nditawafulatira.